Ayezi wa pa Nyanja ya Arctic Akupyapyala

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kuli nyanja ya Arctic, yomwe imakutidwa ndi ayezi. Masetilaiti akhala akumuyeza kuyambira 1979, ndipo ayeziyo akuchepa moonekeratu. Mu Seputembala 2012 anatsala masikweya kilomita 3.4 miliyoni okha, pafupifupi theka la mmene ankakhalira m'zaka za m'ma 1980.

Gwero la kuchepaku ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi womwe ukutenthetsa dziko. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ayezi woyera amabweza kuwala kwa dzuwa, koma akasungunuka, madzi akudawo amamwa kutenthako n'kusungunulanso wina.

Ku Greenland, alenje a mtundu wa Inuit amayenda pa ayeziyo ndi ngolo zokokedwa ndi agalu. Masiku ano ayeziyo amachedwa kuundana ndipo amasweka msanga, moti agalu amakhala masabata ambiri ali omangirira pamtunda, mlenje akudikira kuti nyanja ilimbe.