Oyimba akathawira kumunda

M'buku la Nehemiya, mutu 13, muli nkhani imene siiwerengedwa kawirikawiri pa guwa. Nehemiya atabwerera ku Yerusalemu kuchokera kwa mfumu, anapeza nyumba ya Mulungu itasiyidwa. Alevi ndi oyimba anali atabalalika, aliyense atapita kukagwira khasu kumunda kwake, chifukwa anthu anali ataleka kupereka gawo limene atumikiwa ankadyera. Nehemiya sanakalipire oyimbawo. Anadzudzula akuluakulu, anabwezera atumiki m'malo awo, ndipo Ayuda anayambanso kubweretsa chakhumi cha tirigu, vinyo ndi mafuta.

Okondedwa awerengi, nkhani imeneyi ikukhudza nyimbo zimene zili m'mafoni mwathu lero.

Amene tinakula m'masiku a makaseti tikukumbukira mmene nyimbo inkagulidwira. Woyimba ankajambula chimbale chake n'kupita nacho kwa ogulitsa monga O.G. Issa, ndipo makaseti ankafika mpaka m'misika ya ku Namitete, Nsaru ndi Kabudula. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze eni luso, linkamatitsa chizindikiro pa kaseti yeniyeni. Akuba analipo ngakhale nthawi imeneyo, komabe munthu wofuna nyimbo za Alleluya Band, Lucius Banda kapena Ethel Kamwendo Banda ankapisa m'thumba, ndipo kangachepe kankafika kwa mwini nyimbo.

Zinthu zinatembenuka pamene nyimbo inasanduka kanthu kosagwirika, kotha kukoperedwa kambirimbiri osatha mphamvu. Ku America, mu 1999, wophunzira wina dzina lake Shawn Fanning anayambitsa Napster, njira yoti anthu azipatsirana nyimbo ulere pa intaneti. Makampani a nyimbo anakamang'ala kukhoti, ndipo mu 2001 Napster inatsekedwa. Koma anthu anali atalawa kale, ndipo njira zina zofanana nayo zinaphuka ngati bowa. Makampani aja anazindikira kuti khoti lokha silingathetse mchitidwewu, koma kuti kugula kuyenera kuphweka mofanana ndi kuba. Motero mu 2003 kampani ya Apple inatsegula sitolo ya iTunes, kumene munthu ankagula nyimbo imodzi pa masenti 99 m'malo mogula chimbale chonse. Mu 2008 ku Sweden kunabwera Spotify, imene munthu amalipira pamwezi kapena kumvera kwinaku akumva zotsatsa malonda. Kuno ku Malawi inafika mu 2021.

Kwathu kuno mbiri inayenda njira ina. Kugula nyimbo pa intaneti kunkafuna khadi la ku banki ndi intaneti yodalirika, zinthu zimene mlimi wa mtedza ku Nambuma analibe. Mpata umenewu anaudzaza ndi anyamata obena nyimbo. Pafupifupi pa msika uliwonse, kuchokera ku Mpingu kukafika ku Namitete pa msewu wa ku Mchinji, panapezeka kachipinda kokhala ndi kompyuta ndi sipika yolira tsiku lonse. Munthu amapereka memore khadi ndi ndalama yochepa, n'kubwerera kwawo ndi nyimbo zambirimbiri. Kenaka Bluetooth ndi WhatsApp zinachititsa kuti ngakhale ndalama yochepayo isafunikenso. Malonda a makaseti ndi ma CD anazilala, ndipo oyimba ena anayamba kuyenda okha m'misewu ya m'tauni kutsatsa zimbale zawo pamanja.

Tikalingalira bwino, nyimbo yaulere kulibe. Wogulitsa foni walandira zake. Wa memore khadi walandira zake. Wobena walandira zake, kampani yogulitsa bandulo nayonso yalandira zake. Amene watsala chimanjamanja ndi mmodzi yekha, uja anapeka nyimboyo, nalipira situdiyo, nalipira woyimba gitala ndi wa kiyibodi, mwinanso atachita kukongola.

Anthu a dera lino sakusowa wowafotokozera kuwawa kwa zimenezi. Mlimi amene watipula, kupalira ndi kukolola soya, kenaka venda n'kumugula ndi sikelo yachinyengo, amadziwa tanthauzo la kukhetsera thukuta anthu ena. Chimene timadana nacho pa sikelo ya venda tisachivomereze pa foni yathu. Chilamulo cha Mose, pa Levitiko 19:13, chimaletsa kugoneka malipiro a waganyu kufikira m'mawa, ndipo kalata ya Yakobo, mutu 5, imachenjeza kuti malipiro omanidwa kwa okolola amafuula, ndipo kulira kwa okololawo kumafika m'makutu mwa Ambuye.

Ena amati nyimbo ya uzimu ndi uthenga wabwino, ndiye siiyenera kugulitsidwa. Uthenga ndi waulere ndithu, koma mbusa woulalikira timamupatsa cholowa, ndipo Baibulo timaligula. Woyimba akafuna kupereka nyimbo yake kwaulere, ali ndi ufulu wotero ndipo Mulungu amudalitse. Koma mphatso amaipereka ndi mwini wake. Wina akadzitengera yekha, dzina lake limakhala lina. Ena amati kukopera kumatchukitsa woyimba. N'zoona, ndipo ambiri adziwika motero, koma kutchuka sikugula ufa kapena kulipira fizi ya mwana.

Sitikuloza chala anyamata obena okha. Ambiri a iwo ntchito inawasowa, ndipo amagulitsa chimene anthu akufuna. Boma nalo linachitapo kanthu: lamulo la eni luso la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, linatsegula njira ya msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo, umene COSOMA imagawa kwa eni ntchito. Izi n'zothandiza, koma msonkho sungalowe m'malo mwa chikumbumtima.

Udindo waukulu uli ndi mpingo, pakuti ndiwo umagwiritsa ntchito kwambiri nyimbo zimenezi pa maukwati, pa maliro, pa zitsitsimutso ndi pa misonkhano ya amayi. Kwaya ikatulutsa chimbale, mkhristu agule chenicheni ndipo akane kuchimwaza pa gulu la WhatsApp popanda chilolezo. Mpingo ukaitana woyimba, umulipire moyenera, osati kumuthokoza ndi mbale ya nsima yokha. Lero kuli Airtel Money ndi Mpamba, kotero munthu wa ku Kabudula angathe kutumiza kangachepe kwa woyimba amene nyimbo yake inamutonthoza pa maliro a mayi ake. Akulu anati kupatsa n'kuika. Tikasamala oyimba a lero, ana athu adzapeza nyimbo zoyimba mawa.

Ambuye atipatse mtima wa Nehemiya, wofunsa chifukwa chimene oyimba achokera, ndi wobwezera gawo lawo asanatheretu kupita kumunda.