NDEMANGA: Ana a ku Uganda Anapambana m'Bwalo, Nagonja pa Pepala

Caka ciri conse m'mwezi wa Ogasiti, pamene ife kuno Kum'mawa tiri kukonzekera ulendo wa ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, m'tauni yaing'ono ya South Williamsport, m'cigawo ca Pennsylvania ku America, mumasonkhana ana a zaka zapakati pa 10 ndi 12 ocokera ku mbali zonse za dziko lapansi. Amadza kudzalimbirana cikho ca masewera ochedwa baseball. Ambiri a inu awerengi simunawaonepo masewera amenewa, ndipo sitiri kudabwa, pakuti ku Kapata, ku Katete ngakhale ku Lundazi mwana amakula ndi mpira wa miyendo womanga ndi nsanza ndi mapulasitiki. Komabe m'mbiri ya mpikisano umenewu muli nkhani yokhudza mudzi uli wonse wa m'cigawo cathu, ndipo taona kuti nkoyenera kuiyala pano.

Masewerawo ali motere. Mbali iri yonse ikhala ndi osewera 9. Mmodzi aponya kampira kolimba, kofanana ndi lalanje kukula kwake. Wa mbali inayo akamenya ndi cibonga, nathamanga kuzungulira ngodya zinai za bwalo. Akabwerera pamene anayambira osagwidwa, ndiye kuti wagoletsa. Zotsalazo tiwasiyire akatswiri.

Anayambitsa bungwe la masewera a anawa, lochedwa Little League, ndi munthu wamba wa ku Williamsport, Bambo Carl Stotz, m'caka ca 1939. Anayamba ndi matimu atatu okha. Mpikisano waukulu woyamba unacitika mu 1947, ndipo pafupifupi matimu onse anali a m'cigawo comweco ca Pennsylvania. Koma ciyambire pamenepo panakhazikika lamulo limene lasiyanitsa mpikisanowu ndi yambiri imene tiidziwa. Timu yopita ku Williamsport siikhala ya dziko lonse monga Chipolopolo, yosankhidwa kucokera ku Livingstone kufikira ku Mbala ai. Ikhala timu ya dera limodzi lokhala ndi malire odziwika, ndipo mwana ali yense ayenera kukhala kapena kuphunzira m'kati mwa malirewo. Ana a dera limenelo agonjetse anzao a m'boma lao, kenaka a m'dziko lao, potsiriza a maiko oyandikana nao, ndipo pamenepo atenga dzina la cigawo conse. Kunena mwa kwathu kuno, ndi monga ana a ku Chadiza okha-okha atapita kukaimirira Africa yense.

Tsono lamulo lotere limaima pa mafunso awiri. Mwanayu ali ndi zaka zingati? Nanga kwao nkuti?

Alendo oyamba kufika ku Williamsport anali ana a ku Montreal, m'dziko la Canada, mu 1952. Koma amene anatsegula maso a dziko lapansi ndi ana a ku Monterrey, mzinda wa mafakitale wa ku Mexico, mu 1957. Anali ang'ono-ang'ono thupi powayerekeza ndi ana a ku America, ndipo ambiri anali a m'mabanja osauka. Anaoloka malire ndi cilolezo ca masiku atatu cabe, poganiza kuti adzasewera kamodzi ndi kubwerera kwao. Sanabwerere msanga. Anagonjetsa timu iri yonse imene anakumana nayo, ndipo pa tsiku lotsiriza mnyamata wao woponya mpira, Ángel Macías, anaturutsa omenya 18 motsatizana, popanda ngakhale mmodzi wa timu ya La Mesa, California, kufika pa ngodya yoyamba. Anapambana 4 kwa 0, natenganso cikhoco caka cotsatira.

Pambuyo pao panadza a Kum'mawa kwa dziko lapansi. Ana a ku Tokyo anatenga cikho mu 1967, ndipo a ku cisumbu ca Taiwan anacitenga mu 1969. Kuyambira caka cimeneco kufikira 1996, matimu a ku Taiwan anapambana ka 17. Eni mpikisano cinawawawa kotero kuti mu 1975 analetsa matimu onse akunja. Manyazi atawagwira, anawatseguliranso khomo mu 1976. Taiwan anadzatenganso cikhoci mu 2025.

Koma m'nkhani ya Taiwan muli kacirema kamene sitifuna kukalumpha. Moto wonsewo unayatsidwa mu 1968 ndi ana a pa sukulu ya kumapiri ya Hongye, amene amanenedwa kuti anaphunzira masewerawa pomenya miyala ndi ndodo, nadzagonjetsa timu yocokera ku Japan. Dziko lonse linabvina. Patapita nthawi kunadziwika kuti ena mwa anawo anali opitirira msinkhu ndipo anasewera ndi maina a ana anzao. Mu 1992 timu ya ku Zamboanga City, m'dziko la Philippines, inapambana mpikisano wonse, koma inalandidwa cikho atapeza kuti osewera 8 anali ocokera kunja kwa malire a dera lao. Amene anaulula ndi olemba nkhani a m'dziko lao lomwelo, ndipo pa ici tiwapatsa ulemu. Asaganize wina kuti bodza lotere ndi nthenda ya maiko osauka okha. Mu 2001 timu ya ku Bronx, mu mzinda wa New York, inafafanizidwa m'mabuku cifukwa mnyamata wao wochuka, Danny Almonte, anali ndi zaka 14. Mu 2015 timu ya Jackie Robinson West ya ku Chicago inalandidwa ulemu umene inapata mu 2014 cifukwa akulu-akulu ake anapotoza mapu a malire. Ponseponse olakwa anali akulu. Olira anali ana.

Nanga Africa anali kuti zaka zonsezi? Anali kumbuyo kwa citseko. Pamene dziko lapansi linagawidwa m'zigawo za mpikisanowu, Africa anangomangiriridwa ku zigawo za ena, nthawi zina pamodzi ndi Ulaya, nthawi zina pamodzi ndi maiko a Aluya. Kawiri-kawiri amene anali kupita m'dzina la cigawo cimeneco anali ana a Amereka ogwira nchito ya mafuta ku Dhahran, m'dziko la Saudi Arabia. Lero malo a ku Williamsport alipo 20 kuyambira mu 2022: khumi ndi a America yekha, khumi ndi a maiko ena onse. Japan ali ndi malo ake-ake, Mexico ake, Canada ake, Australia ake. Africa, wa maiko 54, agawana malo amodzi ndi Ulaya yense kuyambira mu 2013, ndipo kwa zaka zambiri mpikisano wosankha woimirira cigawoco wakhala ukucitikira ku Kutno, m'dziko la Poland. Mwana wa ku Africa ayambe wapeza ndalama ya ndege ndi cilolezo colowera ku Ulaya asanaponye mpira ngakhale umodzi. Eni ake amati amagawa malo poyang'ana kuculuka kwa osewera. Ife tikuti osewera sangaculuke kumene njira iri yotsekeka cotere.

Ngakhale zinali conco, ana a ku Uganda anaboola. M'caka ca 2011 timu ya Rev. John Foundation ya ku Kampala inapita ku Kutno, nigonjetsa ana a ku Dhahran aja. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri, timu ya ku Africa inapata malo ku Williamsport. Ana aja anabwerera kwao akuimba, nayamba kukonzekera ulendo wa ku America. Koma atapita ku ofesi ya kazembe wa America kukapempha cilolezo, anakanizidwa. Boma la America linati masiku a kubadwa olembedwa pa zikalata za ena mwa anawo sanali kugwirizana. Malo ao anapatsidwa kwa a ku Dhahran, omwe aja anagonja m'bwalo.

Taimani pamenepa pang'ono, inu makolo. Palibe amene anaposa ana aja kuthamanga kapena kumenya mpira. Cinawagwetsa ndi cikalata cimene cinayenera kulembedwa zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyo mwake, iwo ali kumsana kwa amai ao. Kumene kubadwa sikulembedwa pa nthawi yake, zikalata zimadzalembedwa mothamanga ulendo utayandikira: mai anena tsiku lina, mphunzitsi alemba lina, kalaliki wa boma alembanso lina. Zikatero mwana woona ndi mwana wonamiziridwa zaka aoneka cimodzi-modzi pamaso pa mlendo, ndipo nsomba ikaola imodzi zaola zonse.

Nkhaniyi siinathere m'misozi mokha. Ana a ku Langley, m'dziko la Canada, amene anayenera kukumana ndi a ku Uganda pa masewera oyamba, anakwera ndege mu Januwale 2012 kukasewera nao kwao komweko, ndipo eni mudzi anapambana 2 kwa 1. Akulu a masewera ku Uganda nawonso anaphunzirapo, nayamba kusonkhanitsa zikalata za ana nthawi ikalipo. M'caka comweco ca 2012 timu ya ku Lugazi, tauni yolima nzimbe pakati pa Kampala ndi Jinja, inakhala yoyamba ya ku Africa kuponda bwalo la Williamsport, ndipo isanabwerere inagonjetsa ana a ku Gresham, Oregon, 3 kwa 2. Mu 2015 timu ina ya ku Uganda inagonjetsa Dominican Republic 4 kwa 1, dziko limene baseball iri ngati nsima ya tsiku ndi tsiku.

Tsopano tibwere kwathu. Lamulo lakuti mwana ali yense wobadwa m'Zambia alembedwe m'kaundula wa boma linakhazikitsidwa mu 1973. Koma kufufuza kwa boma kwa za umoyo ndi ciwerengero ca anthu kwa mu 2018 kunapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, 14 okha ndiwo anali olembedwa, ndipo okhala ndi setifiketi ya kubadwa m'manja anali ngati 6. Kumidzi ciwerengeroco cinali cotsikirapo. Tonse tidziwa m'mene timawerengera zaka kwathu kuno. Uyu anabadwa caka ca cimanga cacikasu. Uyo anabadwa tiri kukumba nshawa, mvula ya caka cija mlatho unakokoloka. Kuwerenga kotere nkokoma pa bwalo la mfumu, pamene onse akumbukira mlathowo. Kalaliki wa ku ofesi ya kazembe saudziwa. Ambiri timadalira khadi la ku sikelo, limene limadyedwa ndi ciswe kapena kupsa ndi nyumba, ndipo mwana amayamba kudziwika ku boma pa zaka 16 pokatenga citupa ca NRC, tsiku la kubadwa likungoganiziridwa pamzere pomwepo.

Funso laciwiri lija, lakuti kwao nkuti, litikhudza ife a m'malire koposa ena. Ku Vubwi, ku Mwami ndi ku Chadiza alipo mabanja amene munda uli tsidya lino, agogo ali ku Mchinji kapena ku Mozambique, ndipo mai amapita kukacirira kwa amai ake. Palibe colakwa pamenepo. Malirewo anatipeza tiri pacibale kale. Koma mwana wotere, ngati sanalembedwe, adzabvutika kawiri: kutsimikiza zaka zake ndi kutsimikiza dziko lake.

Wina adzati, “Nanga ife baseball itikhudza ciani?” Yankho liri pa bwalo la David Kaunda mu Chipata momwemuno. Mpira wa miyendo nawonso uli ndi mipikisano ya misinkhu. Pamene anyamata athu osapitirira zaka 20 anatenga cikho ca Africa mu Lusaka mu 2017, pogonjetsa Senegal 2 kwa 0, m'gulu lao munali Fashion Sakala, mwana wa kuno ku Chipata, amene pambuyo pake anakasewera ku Rangers, ku Scotland. Ulendo wotere sauyenda wopanda zikalata zoongoka. Ndipo masiku ano akulu a mpira sakhulupirira pepala lokha: kuyambira mu 2009 bungwe la FIFA limaunika mafupa a pa dzanja la anyamata osapitirira zaka 17 ndi makina a MRI. Mu 2020, pa mpikisano wa COSAFA wa msinkhu umenewu, maiko anai, Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe, anabwezedwa kwao cifukwa ca kuunika kumeneku. Cakudza siciimba ng'oma.

Pano tinenepo mau amene ena sadzawakonda. Amene amapita kukaonerera masewera a masukulu m'maboma athu adziwa kuti nthawi zina m'timu ya ana ang'ono mumaoneka mnyamata wa mau okhuthala, wometa ndebvu m'mamawa. Oonerera amaseka, aphunzitsi amayang'ana kumbali, ndipo sukulu itenga cikho. Koma kamwana kaluso kamene kanayenera kusewera pa malo amenewo kakhala pansi, ndipo caka ca mawa sikabweranso. Mphunzitsi wocita izi ali kuba kwa ana a m'kalasi mwake momwe.

Cotero tipempha zinthu zimene ziri m'manja mwathu. Makolo, mwana akabadwira ku cipatala funsani anamwino za kulembetsa kubadwa kwake musanaturuke; akabadwira kumudzi, pitani ku cipatala ca pafupi kapena ku ofesi ya kalembera pa boma mwezi usanathe. Amene muli ndi ana akulu-akulu osalembedwa, pitani nao tsopano, pamene khadi la ku sikelo likali kuwerengeka ndipo azamba ndi ankhoswe akali moyo kuti acitire umboni. Mafumu a midzi, lamulo la mu 1971 linakupatsani buku la kaundula wa mudzi. Lembanimo tsiku, mwezi ndi caka, osati dzina lokha. Ndipo a ofesi ya kalembera asadikire anthu m'tauni. Wocokera ku Chipangali kapena ku Msoro sangataye ndalama ya thumba la feteleza pa ulendo wa pepala limene saona phindu lake lero. Anthu zikwi-zikwi amasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala mu Febuluwale ndi ku Mkaika pa Kulamba mu Ogasiti, amai ali ndi ana kumsana. Tipempha kuti pa miyambo iwiriyi paikidwe tebulo la kalembera, ndi kalaliki wokhala ndi mafomu okwanira.