Funso la Google Lisanyozedwe

Masiku ano alimi ambiri a m'maboma a Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi ali ndi mafoni otha kulowa pa intaneti, ndipo amawagwiritsa nchito pofuna kudziwa mtengo wa cimanga kapena mankhwala ophera mbozi za m'munda. Koma ena a iwo akumana ndi cinthu cowasautsa. Munthu akalemba cimene afuna pa Google, m'malo mwa yankho pabwera kabokosi kolembedwa m'Cingelezi kuti "I'm not a robot", ndipo akakadina amuonetsa zithunzi kuti asankhepo mabasi, njinga kapena maloboti a pamseu. Mawa lace funso lomwelo libweranso, mkuja comwecho. Ena athamangira kwa okonza mafoni ndi ndalama m'manja poganiza kuti foni yafa, pamene ena angozolowera kudina zithunzizo osafunsa cifukwa cace.

Magulu onse awiriwa alakwitsa. Galu akauwa usiku, mwini nyumba wanzeru amatenga muuni natuluka kukaona ngati auwa anthu ongodzipitira panjira kapena mbala imene yalowa m'khola. Funso la Google liyenera kutengedwa cimodzimodzi.

Dzina la funsoli ndi CAPTCHA. Linapangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 ndi akatswiri a pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, mmodzi wa iwo Luis von Ahn. M'caka ca 2009 kampani ya Google inagula njira yochedwa reCAPTCHA, ndipo kabokosi kodina kaja kanayamba mu 2014. Liwu lakuti "robot" pano silinena magetsi a pa mphambano za miseu ya mu Lusaka iai. Linena pulogalamu imene imatumiza yokha mafunso zikwi-zikwi popanda munthu wolemba. Google ikaona mafunso ocuruka kopitirira akucokera pamalo amodzi, imaimitsa aliyense wocokera pamalopo kuti atsimikize kuti ndi munthu.

Kawiri-kawiri mwini foni sakhala ndi mlandu uliwonse. Foni iliyonse polowa pa intaneti imadziwika ndi nambala yochedwa IP address. Nambala za mtundu wakale zilipo pafupi-fupi mabiliyoni 4.3, ndipo bungwe lalikulu lozigawa linagawa zomaliza mu 2011. Pa cifukwa ici makampani a mafoni amaika makasitomala ambiri pa nambala imodzi. Akulu-akulu akumbukira mmene midzi ingapo inali kulandirira makalata pa bokosi limodzi la positi la sukulu ya pulaimale. Kwa munthu wakutali, makalata onse ocokera pa bokosilo anali kuoneka ngati a pamalo amodzi. Tsono ngati pa nambala imodzi pali anthu mazana, ndipo foni ya mmodzi wa iwo icita zokaikitsa, onsewo amafunsidwa funso lija.

Kuyesa ngati bvuto ndi limeneli sikulira ngwee ndi imodzi yomwe. Mwini foni adine cizindikiro ca kandege, adikire mphindi imodzi, kenaka acicotse, pakuti nthawi zambiri foni imapatsidwa nambala yina ikabwerera pa netiweki. Angathenso kuyesa simu kadi ya kampani yina, kapena intaneti ya pa sukulu ngati ilipo. Funso likaleka, ndiye kuti galu anali kuuwa khamu la panjira, ndipo foni iyenera kuti ili bwino.

Cifukwa caciwiri ndi mapulogalamu ochedwa VPN, amene acinyamata amakonda kuika m'mafoni a makolo awo pomva kuti apereka intaneti yaulere. VPN imapititsa mafunso a anthu a m'maiko ambiri pa khomo limodzi, motero Google imawakaikira onse. Kuizimitsa kokha kumathetsa bvutoli kwa ambiri. Koma zaulerezi zili ndi ngozi yoposa pamenepa. M'mwezi wa May 2024 Boma la America linalengeza kuti laphwasula gulu la makompyuta ogwidwa ndi mbala lochedwa 911 S5, limene linakhudza nambala za intaneti zoposa mamiliyoni 19. Makompyutawo analowedwa kupyolera m'mapulogalamu a VPN aulere, ndipo intaneti ya eni ace inali kubwerekedwa kwa acifwamba, eni acewo osadziwa kanthu. Cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Cifukwa cacitatu ndico cofunika kucisamala koposa. Ngati funso litsata foni pa simu kadi iliyonse ndi pamalo paliponse, pamene mafoni a anansi pa netiweki yomweyo safunsidwa, mpofunika kuganiza kuti mbala ili m'nyumba. Pali mapulogalamu oipa amene anthu amawacha tizilombo kapena mavairasi. Akalowa m'foni amabisala, natumiza mafunso pa intaneti usana ndi usiku, kapena kulola anthu akutali kupitira pa foniyo pocita zoipa zao. Zizindikiro zace zimaoneka kwa munthu wocenjera. Mabandulo atha msanga kuposa kale, foni itentha ili cigonere pa tebulo, batire silifika madzulo, zotsatsa malonda zitulukira zokha, ndipo pa mndandanda wa mapulogalamu papezeka ena amene mwini sawadziwa.

Tizilomboti timalowa makamaka ndi mapulogalamu otengedwa kunja kwa Play Store, monga masewera amene ana amapatsana kucokera foni yina kupita yina, kapena mapulogalamu olonjeza mafilimu ndi mpira waulere. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, pakuti foni imene mwana aikamo masewera ndi yomweyo imene atate ace alandirirapo ndalama za fodya kapena nshawa. Nthawi zina cipangizo cimabwera ndi kacilombo cikali m'katoni. M'mwezi wa June 2025 bungwe la FBI la ku America linacenjeza anthu za kacilombo kochedwa BADBOX 2.0, kopezeka m'zipangizo zochipa za maina osadziwika, makamaka timabokosi toonetsera kanema pa wailesi ya kanema.

Mankhwala ace ayenera kuyambira pa zinthu zapafupi. Mwini foni acotse pulogalamu iliyonse imene saidziwa kapena imene inaikidwa pafupi ndi nthawi imene bvuto linayamba. Atsegule Play Store ndi kulola Play Protect kuti ifufuze foni yonse, ndiponso abvomere kuti foni ilandire zokonzanso zatsopano zocokera kwa opanga. Zonsezi zikalephera mpamene angabwezere foni pa mkhalidwe umene inacokera nao ku fakitale, atayamba wasunga padera nambala za abale ndi zithunzi, popeza njira imeneyi imafafaniza zonse. Pambuyo pace asinthe mau acinsinsi a Google ndi nambala yacinsinsi ya ndalama za pafoni. Okonza mafoni a pa misika nawo acite cilungamo, ayese njira zaulerezi asanalipiritse mlimi ndalama zosambitsira foni. Ndipo palibe wokonza foni amene nchito yace ifuna nambala yacinsinsi ya ndalama za kasitomala.

Pali msampha winanso umene wabadwa cifukwa ca kuzolowera. Mbala zaona kuti anthu amadina kabokosi kaja osawerenga, ndipo zayamba kupanga mabokosi abodza ofanana nako. Ena amauza munthu kuti adine pa liwu lakuti "Allow" kuti aonetse kuti ndi munthu, ndipo kuyambira pomwepo foni imadzala ndi mauthenga acinyengo. Pa makompyuta, makamaka kuyambira mu 2024, ena amalamula kudina batani la Windows pamodzi ndi la R ndi kuikamo mau osadziwika, ndipo wocita zimenezi amakhala wadziikira yekha kacilombo. Aphunzitsi ndi makalaliki a m'maofesi acenjere napo. Funso leni-leni la Google limangofuna kudina kabokosi, kusankha zithunzi, kapena kulemba zilembo ndi mau amene munthu waona kapena kumva. Silipempha nambala yacinsinsi, silituma munthu kuika pulogalamu, ndipo sililipiritsa.

Cimene cikulitsa bvutoli kumidzi ndi cakuti macenjezo onsewa amabwera m'Cingelezi, ndipo munthu wosamva cinenerocho amangodina paliponse kuti cinthucho cimucokere pamaso. Mpofunika kuti bungwe la ZICTA, limene liyang'anira za mafoni ndi intaneti m'dziko muno, pamodzi ndi makampani a mafoni, afotokoze nkhani zotere m'Cinyanja pa mawailesi a m'maboma. Alangizi a zaulimi, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo angathandizenso pa misonkhano yao. Popeza ndalama za mbeu tsopano zimafika kwa alimi ambiri kupyolera pa foni, mlimi amene waona funso lija masiku atatu otsatana ayenera kufufuza foni yace nyengo yogulitsa mbeu isanafike.