Tiwerenge obwerera kundende, osati otuluka okha

Nthawi zambiri mtsogoleri wa dziko akakhululukira akaidi, timamva chiwerengero cha anthu amene atuluka. Funso limene sitidzifunsa ndi lakuti, mwa otulukawo ndi angati amabwereranso pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri? Apa ndi pagona nkhani, chifukwa ndende imene ikulandira nkhope zomwezomwezo ndiye kuti yalephera ntchito yake.

Titengere chitsanzo ku Nkhotakota. Mnyamata wa m'mbali mwa nyanja amene waba ukonde kapena injini ya boti, kaya wagwidwa ndi misampha m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, akamaliza chilango amabwerera kudooko komwe kuja. Mwini chilimira safunanso kumulemba ganyu, abale amamuyang'ana ndi diso limodzi, m'thumba muli mbee. Njala ikaluma, amabwerera ku ntchito yokhayo imene akuidziwa. Kodi tingadabwe?

Enatu amati mkaidi azunzike kuti atengerepo phunziro. Mkwiyo wa munthu amene waberedwa ndi womveka, koma umboni ukutsutsa maganizo amenewa. Ku America anayesapo kutengera achinyamata opulupudza kundende kuti akaidi akawaopseze, pansi pa ndondomeko yotchedwa Scared Straight. Akatswiri atafufuza anapeza kuti achinyamata amene anaopsezedwawo ndiwo ankapalamula kwambiri kuposa anzawo amene sanapiteko. Pomwe mu 2013 bungwe la RAND Corporation linapeza kuti mkaidi akaphunzira ali m'ndende, mpata woti abwerereko umatsika ndi 43 pa 100 aliwonse, ndipo dola imodzi yolowa ku maphunzirowo imapulumutsa madola 4 kapena 5. Mwachidule, kuopseza sikukonza munthu, koma sukulu ndi luso la manja.

Kuno kwathu poyambira palipo. Akaidi a ku Zomba, Chichiri ndi Maula akhala akulemba mayeso a boma mpaka a MSCE, ena n'kumakhoza bwino ndithu. Oyimba a kundende ya Zomba anafika posankhidwa kukapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Luso lilipo kuseri kwa mipanda ija. Chimene chikufunika n'chakuti ndende za m'maboma, monga ya Nkhotakota, zisamatsalire m'mbuyo, ndipo ziziphunzitsa zimene zingadyetse munthu kumene akupitako.

Ku Nkhotakota chuma chili pa nsomba, mpunga, chinangwa ndi mzimbe wa ku Dwangwa. Mkaidi wa kumeneko aphunzire kukhoma mabwato, kukonza injini za maboti, kuweta chambo m'maiwe, kuyanika usipa mwaukhondo ndi kulima mpunga mothirira. Atuluke ndi satifiketi ya TEVETA m'manja komanso zipangizo zoyambira, osati ndalama ya minibasi yokha. Amene analowa chifukwa cha chamba kapena kachasu apatsidwenso uphungu, apo ayi luso lonselo likathera pamalo omwera mowa.

Koma tisanamizane, palibe angaphunzire ali wothithikana ngati matemba m'dengu, atadya kamodzi patsiku. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula boma kuti lichepetse kuthithikana m'ndende ndi theka m'miyezi 18. Zaka zapita, madandaulo akadali omwewo. Makhoti ali ndi mphamvu yopereka chilango chogwira ntchito zothandiza anthu kumudzi. Wakuba nkhuku akaseseko kuchipatala, malo m'ndende atsalire achifwamba enieni.

Pempho lathu lalikulu likupita ku nthambi ya ndende ndi unduna woona za chitetezo cha m'dziko: yambani kuwerenga. Chaka chilichonse ndende iliyonse izinena poyera kuti otuluka anali angati, ophunzira luso angati, opeza chochita angati, ndipo obwerera angati. Mabungwe amene amabwera ndi makina osokera, n'kujambulitsa zithunzi, nawonso afunsidwe zotsatira. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndondomeko imene ikuchepetsa obwerera iwonjezeredwe ndalama, yongokongola pa pepala isiyidwe. Aphungu a Nyumba ya Malamulo azifunsa ziwerengero zimenezi asanavomereze bajeti.

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, komanso makomiti a m'madooko, inunso ntchito ilipo. Munthu akamaliza chilango wabweza ngongole yake. Mukamutsekera khomo la ntchito, mawa adzathyola khomo la nyumba yanu.

Pafupifupi mkaidi aliyense tsiku lina adzatuluka n'kudzakhala nafe mudzi umodzi. Tisankhe lero kuti tidzalandire mmisiri kapena mbava imene yakaphunzira ukatswiri wina kundendeko.