Mvula isanagwe, tikonze denga la wamasiye

Sukulu zikatsekera m'mwezi wa Julayi, mipingo yambiri mu Blantyre ndi Limbe imakonzera achinyamata misonkhano ya chitsitsimutso. Kumakhala kuyimba, kuphunzira Mawu ndi mapemphero a usiku. Zonsezi n'zabwino. Komatu tchuthi chachikuluchi chimagwa m'chilimwe, nyengo imene khoma limauma msanga ndiponso denga lingasasulidwe katundu osanyowa. Kodi sikoyenera kuti ena mwa masiku amenewa athere pakhomo pa osowa?

Sitinaiwale za Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko muno anthu oposa 600 anamwalira, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Koma nyumba yofooka sidikira namondwe. Ku Ndirande, Bangwe ndi Mbayani kuli nyumba za zidina zopanda maziko olimba. Malata akabooka, madzi amalowa m'khoma, ena n'kumakumba pansi posowa ngalande, mpaka khoma ligwere anthu ali m'tulo. Kawirikawiri okhalamo amakhala agogo olera ana amasiye, amene alibe mphamvu yokwerera padenga ngakhale ndalama yolipira mmisiri.

Ku America, m'busa wa mpingo wa Methodist, Tex Evans, anayambitsa bungwe la Appalachia Service Project mu 1969. Achinyamata a m'mipingo amapereka sabata ya tchuthi chawo kukakonza nyumba za osauka. Kuno kwathu, bungwe lachikhristu la Habitat for Humanity lakhala likuthandiza mabanja kupeza nyumba zabwino kuyambira 1986. Komanso tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndi ntchito ya manja a makolo athu amene anaphunzirira umisiriwo pantchito pomwepo. Chikhalirebe mpaka lero.

Mu Nehemiya 3 timawerenga kuti ena anakonza linga la Yerusalemu pandunji pa nyumba zawo, ndipo ana aakazi a Salumu anagwira nawo ntchitoyo. Nafenso tiyambe ndi mphakati wathu. Yakobo 2 akutichenjeza kuti kufunira wosowa mafuno abwino, osam'patsa chimene thupi lake likusowa, ndi chikhulupiriro chakufa.

Changu chokha sichikwanira ayi. Gulu lililonse likhale ndi mmisiri wodziwa ntchito, poti khoma lomangidwa mwachisawawa limapha. Tisalimbitse nyumba m'malo otsetsereka a mapiri kapena m'mphepete mwa mitsinje ngati Mudi. Banja lotere lithandizidwe kupeza malo otetezeka. Amfumu adziwitsidwe, mwini nyumba afunsidwe chimene akufuna, ndipo umphawi wake usasanduke chithunzi chodzitamandira nacho.

Mutu umodzi susenza denga. Makolo, tilole ana athu apite. Akulu a mpingo, tipatule chopereka chogulira malata, misomali ndi simenti. Novembala sali patali. Mvula yoyamba ikadzagwa, pakhale wamasiye mmodzi m'dera lathu amene adzagone osatchera beseni pakati pa nyumba, n'kuyamika Mulungu chifukwa cha ana athu.