Ndemanga: Buku Limene Amayi Awiri Analigawa Pakati

Kumapeto kwa msewu wa Mashtots, mumzinda wa Yerevan ku Armenia, kuli chinyumba cha miyala yotuwa chotchedwa Matenadaran. Mlendo asanalowe amayamba waonana ndi chosema cha Mesrop Mashtots, amene anapanga zilembo 36 za Chiameniya cha m'ma 405, wophunzira wake Koryun atagwada pambali. Mkatimo muli mabuku olembedwa pamanja oposa 17,000, ndipo mu 1997 bungwe la UNESCO linawalowetsa m'kaundula wa zolembedwa zofunika kwa anthu onse.

Alendo ambiri amathamangira buku lalikulu koposa, la maulaliki a ku Mush. N'zomveka: limalemera makilogalamu pafupifupi 28, masamba ake ndi zikopa za ana a ng'ombe mazanamazana, ndipo linalembedwa pakati pa 1200 ndi 1202. Kakalendala ka tchalitchi ka mu 1434, ka magalamu 19 okha, kamangooneka ngati kachidutswa poyerekeza nalo.

Komatu nkhani yeniyeni si kulemerako ayi. Mu 1915, Aameniya akuphedwa mwaunyinji mu ulamuliro wa Ottoman, amayi awiri othawa analipeza bukuli litasiyidwa. Kulisenza lathunthu sakanatha, kulisiya sanafune, choncho analigawa pakati. Theka lina linafika ku Etchmiadzin. Linalo linakwiriridwa pabwalo la tchalitchi ku Erzurum, mpaka linagwera m'manja mwa msilikali wa gulu lankhondo la Russia, kenako zigawo ziwirizo zinakumananso. Wothawa imfa amabereka mwana n'kutenga kamba wa paulendo basi, koma amayiwa anasenza zikopa zolembedwa.

Mlendo wosapupuluma amaonanso Uthenga Wabwino wa ku Etchmiadzin wa mu 989, wa chikuto cha minyanga ya njovu chimene n'chakale kuposa bukulo. Utoto wofiira wa m'mabuku ambiri unkachokera ku tizilombo ta m'chigwa cha Ararat, ndipo mpaka lero sunazilale.

Masamba omalizira a mabukuwa, amene alendo amangowadutsa, ndiwo ali ndi nkhani zokoma. Akamaliza ntchito, alembi ankalembapo dzina lawo, malo ndi chaka, n'kudandaula za kuzizira, maso ofooka kapena adani amene azinga mudzi, kenako n'kupempha wowerenga kuti awakumbukire m'pemphero. Madandaulo amenewa ndi amene akatswiri a mbiri yakale amawasanthula lero pofufuza zaka za njala, miliri ndi nkhondo za m'chigawocho.