Ma Viking sanagwe kumwamba

Aliyense amene anathera bandulo pa filimu ya Vikings ali ndi chithunzi chimodzi m'mutu: chibambo chandevu, nkhwangwa kumanja, chikutsika m'ngalawa kudzawotcha mudzi wa eni ake. Nkhani yawo anthu amakonda kuiyambira pa 8 June 793, tsiku limene achifwamba ochokera kumpoto anaukira nyumba ya amonke pachilumba cha Lindisfarne ku England. Koma ine funso langa n'lakuti, zaka zonse za m'mbuyomo anthuwa anali kuti, nanga ankatani?

Tiyambire patali. Dera limene lero kuli Denmark, Norway ndi Sweden linali lokwiririka ndi madzi oundana, moti munthu sakanakhalako. Madziwo atayamba kusungunuka, zaka zoposa 12,000 zapitazo, alenje analowako akutsatira nyama zangati mphalapala zotchedwa reindeer. Ulimi unafika cha m'ma 4000 Yesu asanabadwe. Cha m'ma 2800 kunafikanso anthu ena oweta ziweto, amene makolo awo anachokera kuzigwa za kumpoto kwa nyanja ya Black Sea. Akatswiri ambiri amati chinenero chimene chinadzabala Old Norse chinabwera ndi iwowa. Ndiye mukamva wina akudzitama ndi "magazi enieni a Viking", dziwani kuti eni akewo anali osakanikirana kuyambira pachiyambi.

Dziko lawo ndi la zilumba, mapiri ndi nyanja zolowerera kumtunda, choncho msewu wawo unali madzi. Ku Tanum ku Sweden kuli matanthwe ojambulidwa mabwato ambirimbiri, ntchito ya anthu a nyengo ya mkuwa, pakati pa 1700 ndi 500 Yesu asanabadwe. Mkuwawo sankaukumba kwawo. Unkachokera kutali, ndipo iwo ankatumiza kumwera amber, utomoni wouma wa mitengo yakalekale umene umatoleka m'mbali mwa nyanja ya Baltic. Geni anaidziwa kale kwambiri anthuwa.

Tsono tamvani m'mene bwatolo linakulira. Bwato la Hjortspring, lopezeka m'dambo ku Denmark, ndi la cha m'ma 350 Yesu asanabadwe. Matabwa ake anali osokedwa ndi zingwe, ndipo ankalipalasa ngati m'mene asodzi amachitira panyanja yathu. Patapita zaka zoposa 600 kunabwera la Nydam, la cha m'ma 320, lotalika mamita 23, lokhomedwa ndi misomali yachitsulo, loyenda ndi nkhafi za anthu pafupifupi 30. Koma onse awiriwa analibe thanga, chinsalu chija chogwira mphepo. Thanga linayamba kufala kumeneko cha m'ma 700, nthawi yomwenso tauni yamalonda ya Ribe inkayamba. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo ulendo wa ku Lindisfarne unatheka chifukwa cha mibadwo ya amisiri amene mayina awo sanalembedwe paliponse.

Apa mpamene mafilimu amatinamiza pang'ono. Thangalo linali la ubweya wa nkhosa. Kumeta, kupota ulusi ndi manja, kuluka, zonsezi zinkadya miyezi yambirimbiri, ndipo kwakukulu inali ntchito ya amayi ndi akapolo. Popanda iwo, chibambo chankhwangwa chija chikanangozungulira m'mbali mwa gombe la kwawo basi. Ngalawa yokongola ya Oseberg ku Norway, yokwiriridwa mu 834, inali manda a amayi awiri, umboni wakuti amayi ena anali ndi ulemu waukulu ndithu.

Ngakhale dzina lakuti Viking silinali la mtundu wa anthu ayi. Linkanena za amene apita pa ulendo wa panyanja wokafunkha. Ambiri anali alimi a barele ndi oweta ng'ombe, ena osula zitsulo, ena asodzi. Nanga zisoti zanyanga zija? Palibe chisoti chankhondo cha nthawi ya ma Viking chimene chinapezeka chili ndi nyanga. Cha ku Gjermundbu ku Norway, chopezeka mu 1943, chilibe. Zanyanga zopezeka ku Veksø ku Denmark n'za cha m'ma 900 Yesu asanabadwe, ndipo fasho yake inatchuka ndi zovala za zisudzo za Richard Wagner mu 1876.

Sindikuwayeretsa ayi. Anapha, anawotcha, anagwira anthu n'kukawagulitsa, moti Dublin inali msika waukulu wa akapolo. Amonke amene analemba za nkhanza zawo sananame. Kungoti amonkewo ankalemba za amene anafika pakhomo pawo ndi nkhwangwa, pomwe otsala kumudzi sanawaone. Eni akewo ankangozokota mawu ochepa pamiyala ndi pamitengo m'zilembo zotchedwa runes, ndipo nthano zawo zazitali zinadzalembedwa ku Iceland m'zaka za m'ma 1200, iwo atalowa kale Chikhristu. Ife amene mbiri ya makolo athu inayamba kulembedwa ndi alendo tikudziwa m'mene zimakhalira zoterezi, eti?

Tayang'anani pafoni yanu. Kachizindikiro ka Bluetooth ndi ma rune awiri, H ndi B, ophatikizidwa, oimira Harald Bluetooth, mfumu imene inadzilembera pamwala wa ku Jelling cha m'ma 965 kuti inagwirizanitsa Denmark yonse. Iyeyo dzina lake likuyendabe m'matumba mwathu chifukwa anali ndi mwala ndi wozokota. Mayi amene analuka thanga analibe. Choncho ulendo wina mukamaonera ngalawa ikutuluka m'nkhungu pa sikirini, maso asangokhala pa nkhwangwa. Yang'ananinso chinsalu chili pamwambacho, mudzifunse kuti anachiluka ndani.